Ufulu wobwereka: mmene mlandu wa 2009 unalowetsera Chris Brown m'ndende mu 2014

Lachisanu pa 14 Malichi 2014, apolisi anafika pa nyumba ina yothandizirako anthu ovutika ndi ukali komanso mankhwala osokoneza bongo ku Malibu, kufupi ndi mzinda wa Los Angeles, n'kutulukamo ndi woimba Chris Brown. Tsiku limenelo mnyamatayo sanamenye munthu. Panalibenso bwalo limene linali litamupeza wolakwa pa mlandu watsopano. Eni malowo anali atangomuuza kuti alongedze katundu wake chifukwa chophwanya malamulo awo. Akanakhala munthu wina, nkhani ikanathera pa geti: kunyamula chikwama, kuitana galimoto, kubwerera kwawo. Iye anakagona m'ndende, ndipo anatulukamo pa 2 Juni.

Chimene chinamugwetsa chinali mlandu wa zaka zisanu m'mbuyomo, umene anthu ambiri ankaganiza kuti unatha kalekale.

Anthu ambiri akuikumbukira nkhaniyo. Usiku wa pa 7 kuchera pa 8 Febuluwale 2009, tsiku lopereka mphoto za Grammy, Brown, amene anali ndi zaka 19, anamenya chibwenzi chake, woimba Rihanna, wa zaka 20, ali m'galimoto m'dera la Hancock Park ku Los Angeles. Chithunzi cha nkhope yotupa ya mtsikanayo chinazungulira dziko lonse. Pa 22 Juni Brown anavomera mlandu, ndipo pa 25 Ogasiti woweruza Patricia Schnegg anapereka chigamulo: zaka zisanu za probation, ndiko kuti kukhala kunja koma pansi pa diso la khoti, masiku 180 a ntchito yamanja yothandiza m'dera, chaka chathunthu cha maphunziro a anthu ochita nkhanza m'banja, komanso lamulo loti asayandikire Rihanna pa mtunda wa mayadi 50. Pa zochitika za oimba, poti onse awiri ntchito yawo ndi imodzi, mtundawo unachepetsedwa kufika pa mayadi 10.

Anthu anang'ung'udza. Ambiri anati ndalama zayankhula, mnyamata wapulumuka. Ndi zoona kuti tsiku limenelo anatuluka m'khoti ndi miyendo yake, popanda unyolo. Koma munthu wa pa probation ali ngati mbuzi ya pa chingwe chachitali: imadya msipu, imadumpha, imaiwala n'komwe kuti yamangidwa, kufikira itafuna kulowa m'munda wa eni. Chilango cha ndende chimakhala chisanafafanizidwe. Woweruza amangochiika pambali, n'kunena kuti: ukasunga izi ndi izi, sindichitenga, ukaphwanya chimodzi, chilipo.

Ku California, «izi ndi izi» pa milandu ya nkhanza za m'banja si zongoganizira woweruza yekha. Zinalembedwa m'gawo 1203.097 la malamulo a milandu a kumeneko. Probation siyenera kuchepera miyezi 36. Khoti liyenera kutulutsa lamulo loteteza wochitiridwa nkhanzayo. Wolakwa amalipira ndalama ku thumba lothandiza pa nkhani za nkhanza. Ndipo amayenera kulowa m'kalasi sabata iliyonse kwa masabata 52, maola osachepera awiri ulendo uliwonse. Kujomba kololedwa, pa zifukwa zomveka, sikupitirira katatu pa maphunziro onsewo.

Kukhwima kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu 1989, katswiri wa mpira wa ku America O. J. Simpson anaimbidwa mlandu womenya mkazi wake Nicole, ndipo sanautsutse. Anapatsidwa zaka ziwiri za probation, maola 120 a ntchito yothandiza m'dera, ndi uphungu. Uphunguwo analoledwa kuulandira kwa dokotala wodzisankhira yekha, mwinanso pa telefoni. Mu Juni 1994 Nicole anapezeka ataphedwa. Bwalo linamasula Simpson pa mlandu wakupha mu 1995, ngakhale bwalo lina la milandu ya chipukuta misozi linamupeza ndi udindo pa imfayo mu 1997. M'zaka zomwezo aphungu a ku California anamanga malamulo awo mwamphamvu, kuti womenya mkazi asamachoke pa khoti ndi chilango chimene palibe akuchilondola.

Poyamba Brown ankaoneka ngati mwana womvera. Analoledwa kukagwirira ntchito yake kwawo ku Virginia, ndipo makamera anamujambula akutola zinyalala m'mbali mwa msewu atavala chovala chowala cha ogwira ntchito za m'misewu. Mu Disembala 2010 anamaliza maphunziro a masabata 52, n'kuika chithunzi cha satifiketi yake pa Twitter. Woweruza anamuyamikira. Mu 2012 anapata mphoto ya Grammy. Amene ankangomvera nyimbo zake pa wailesi akanalumbira kuti za makhoti zinapita ndi mphepo.

Ming'alu inayambira pa mapepala.

Mu Febuluwale 2013, oimira boma pa milandu ku Los Angeles anapita kukhoti ndi dandaulo lachilendo. Sankanena za nkhonya kapena chiopsezo. Ankanena za kaundula wa maola. Apolisi a mumzinda wa Richmond ku Virginia anali atalemba kuti Brown anamaliza ntchito yake yonse, koma ofufuza atayala masikuwo pambali pa maulendo ake, zinthu sizinagwirizane. Tsiku lina limene kaundula ankati mnyamatayo akutola zinyalala ku Virginia, iye anali m'ndege yapadera yopita ku Cancún, ku Mexico. Maola ambiri analembedwa kuti anawagwirira pa malo ena osamalira ana kumene mayi ake omubereka anakhalapo mkulu woyang'anira. Patangopita masiku ochepa nkhaniyi itaphulika, mkulu wa apolisi ku Richmond, Bryan Norwood, anatula pansi udindo. Loya wa Brown anakana zonse mwaukali, ndipo khoti silinafike pogamula kuti panali chinyengo. Komabe mu Ogasiti chaka chomwecho Brown anavomera kugwira maola ena 1,000, ulendo uno ku Los Angeles komweko.

Maola 1,000, munthu akamagwira maola asanu ndi atatu pa tsiku, ndi masiku 125. Umenewo unali mtengo wa kaundula wosalongosoka, popanda kukhudza munthu ndi chala chomwe.

Pa tsiku lina la milanduyi, mu Febuluwale 2013 momwemo, m'khotimo munali mlendo amene anadabwitsa atolankhani. Anali Rihanna, atakhala kumbuyo pamodzi ndi mayi ake a Brown. Awiriwo anali atabwererana. Apa pali mfundo imene imasokoneza anthu ambiri, ku America ndi kwina komwe. Kubwererana kwawo sikunali kuphwanya lamulo, chifukwa mu Febuluwale 2011 khoti linali litafewetsa lamulo la mayadi 50, Rihanna atavomereza kudzera mwa loya wake. Linatsala linali loti asamuvutitse kapena kumuzunza. Koma chikhululuko cha mtsikanayo sichinachotse ngakhale ola limodzi pa chilango. Mlanduwo sunali wa Rihanna. Unali wa boma la California.

Amuna ambiri a pa probation amagwera pomwepa. Mkazi amaimba foni: mwana wadwala, bwerani. Kapena amalemba uthenga kuti anakhululuka, ayambirenso. Mwamuna amanyamuka, mtima uli m'malo, poganiza kuti woitanidwa salakwa. Woyandikana nawo nyumba akaimbira apolisi, amene amanjatidwa ndi mwamunayo, chifukwa lamulo loletsa kuyandikira limamanga iyeyo, osati mkaziyo, ndipo wolimasula ndi woweruza yekha. Ku California kuphwanya lamulo lotere ndi mlandu pawokha, wa chilango chofika chaka m'ndende, kuwonjezera pa kugwedeza probation yonse. Ena amati izi n'zouma mtima. Koma amene anakhalapo pafupi ndi banja lankhanza amadziwa mmene «ndakhululuka» amabadwira nthawi zina: pansi pa mantha, pansi pa njala, pansi pa mawu a apongozi. Lamuloli linapangidwa dala kuti mkazi asakhale ndi kiyi amene wina angamulande pomuopseza.

Madzi anachita katondo pa 27 Okutobala 2013. Brown ndi mlonda wake anamangidwa ku Washington, D.C., kunja kwa hotela ya W, pafupi ndi White House, powaganizira kuti anamenya mwamuna wina kumaso. Patapita masiku ochepa analowa yekha m'nyumba yothandizirako anthu aukali, koma mu Novembala anamutulutsa ataponya mwala pa galasi la galimoto ya mayi ake, pambuyo pa zokambirana za banja zimene sizinathe bwino. Woweruza watsopano pa mlanduwo, James Brandlin, anamulamula kuti akakhale miyezi itatu pa malo ena otero, kenaka anamuwonjezera nthawi. Kuyambira pamenepo malamulo a nyumbayo anasanduka malamulo a khoti. N'chifukwa chake atamuthamangitsa mu Malichi 2014, pa geti panali apolisi.

Tsono chimachitika n'chiyani munthu akaganiziridwa kuti waphwanya probation? Choyamba, wapolisi kapena womuyang'anira angathe kumugwira popanda chikalata cha khoti. Woweruza angathe kuimitsa probation nthawi yomweyo, n'kukana belo. Brown anapempha kutuluka, anakanizidwa. Mu Epulo anamunyamula ngati mkaidi wina aliyense kupita naye ku Washington, mlandu wa kumeneko n'kuimitsidwa, iye n'kubwezedwanso ku Los Angeles, adakali m'manja mwa boma.

Kenaka pamabwera tsiku lomva nkhaniyo, ndipo apa m'pamene pali kusiyana kwakukulu ndi mlandu wamba. Khoti lalikulu kwambiri ku America, pa mlandu wa Gagnon ndi Scarpelli mu 1973, linati munthu asalandidwe probation asanamvedwe: auzidwe chimene akumuneneza, aone umboni, adziyankhire. Koma kumvedwako si kuzenga mlandu kwathunthu. Sipakhala gulu la anthu wamba 12 lothandiza kugamula. Woweruza amakhala yekha. Ndipo boma silifunika kupereka umboni wochotsa chikayiko chonse. Ku California limangofunika kuonetsa kuti mbali yoti analakwa ikulemera kuposa mbali yoti sanalakwe. Zotsatira zake n'zoti munthu angathe kumasulidwa pa mlandu watsopano, kapena mlanduwo n'kuthetsedwa, koma n'kulowabe m'ndende chifukwa cha nkhani yomweyo, kudzera pa khomo la probation.

Ndi zimene zinachitika. Pa 9 Meyi 2014, mlandu wa ku Washington usanazengedwe n'komwe, Brown anavomera pamaso pa Brandlin kuti anaphwanya probation. Akanatha kulandira zaka zinayi. Woweruza anamupatsa chaka chimodzi, n'kumuchotsera masiku 234 a nthawi imene anali atakhala kale m'ndende ndi m'nyumba zothandizira zija. Anatsala ndi masiku 131, ndipo malinga ndi mmene ndende za kumeneko zimawerengera masiku, anatuluka pa 2 Juni. Mlandu wa ku Washington anadzauvomera mu Seputembala.

Nkhani sinathere pomwepo. Mu Januwale 2015 anakaimba pa malo ena achisangalalo ku San Jose, kumpoto kwa California komweko. Ali mkati moimba kunalira mfuti ndipo anthu asanu anavulala. Iye sanakhudzidwe ndi kuwomberako, koma makanema anaulula chinthu china: anali atatuluka m'dera la Los Angeles popanda chilolezo cha khoti. Woweruza anaimitsanso probation. Inadzatsekedwa pa 20 Malichi 2015, maola onse atakwana, patatha zaka zisanu ndi chimodzi chichitikireni za m'galimoto zija. Akuluakulu akale anati mlandu suwola.

Kunena chilungamo, Brown anapatsidwa mwayi wambiri umene munthu wamba saupeza. Mu Malichi 2011 galasi la zenera linasweka m'chipinda chake chovalira pa pulogalamu ya Good Morning America, atafunsidwa za Rihanna, koma sanaimbidwe mlandu. Mu 2012 atamupima anamupeza ndi chamba m'thupi, khoti n'kungomuchenjeza. Anali ndi loya wotchuka, Mark Geragos, ndi ndalama zolipirira nyumba za ku Malibu zimene kwa miyezi ingapo zinalowa m'malo mwa ndende. Lamulo limapatsa woweruza njira zitatu: kubwezera munthu pa probation monga kale, kuwonjezera zoyenera kutsata, kapena kutsegula chilango chinaikidwa pambali chija. Brown anadutsa njira ziwiri zoyambazo kangapo asanafike pa yachitatu. Mwamuna wogwira ntchito ya usiku m'fakitale, amene maphunziro a masabata 52 amalipira kuchokera m'thumba mwake, amene basi ikamuchedwetsa amalembedwa kuti wajomba, amafika pa njira yachitatuyo msanga.

Palinso zilango zimene sizitha ngakhale fayilo itatsekedwa. Kuyambira 1996, lamulo la dziko lonse la America limaletsa munthu wopezeka wolakwa pa nkhanza za m'banja, ngakhale pa mlandu waung'ono, kukhala ndi mfuti, ndipo kwa msilikali kapena wapolisi zimenezi zingathe kumutayitsa ntchito. Mu Juni 2024, pa mlandu wa Rahimi, oweruza 8 mwa 9 a khoti lalikulu anavomereza kuti munthu amene khoti lamuika pansi pa lamulo loteteza mnzake angathenso kulandidwa mfuti. Kwa amene si nzika, nkhani ndi yolemera koposa: kupezeka wolakwa pa nkhanza za m'banja, kapena kuphwanya lamulo loteteza mnzako, ndi chifukwa chokwanira chothamangitsidwira m'dzikomo, ngakhale munthu ali ndi green card. Achimwene ndi achemwali athu amene ali ku South Bend ndi mizinda ina ya kumeneko, lamuloli likuwakhudza mofanana. Brown mwiniwake anakanizidwa kulowa ku Britain mu 2010, ndipo mu 2015 ulendo wake wokaimba ku Australia unalephereka boma la kumeneko litaonetsa kuti silikufuna kumupatsa viza. Mu 2024, asanakaimbe pa bwalo la FNB ku Johannesburg, bungwe la Women For Change linasonkhanitsa masiginecha masauzande ambiri lofuna kuti asaloledwe kulowa. Anaimba ndithu, bwalo linadzaza, koma dzina la mlandu wa 2009 linali pa milomo ya anthu patatha zaka 15.

Kuno kwathu njira yopereka chilango chogwirira kunja iliponso, ndipo mabwalo amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Gawo 339 la malamulo a kazengedwe ka milandu limalola woweruza kugamula ndende koma n'kuimika chilangocho kwa nthawi yosapitirira zaka zitatu, pa mfundo zimene waika. Gawo 340 limati wolakwa koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha ngati palibe njira ina yoyenera. Palinso ntchito yothandiza m'dera, pa sukulu, pa chipatala kapena pa khoti pomwepo. Zifukwa zake n'zomveka: mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, oweruza anagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu kukuphwanya ulemu wa umunthu. Ndipo kuyambira 2006 tili ndi lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja, limene limalola khoti kuletsa wankhanza kuyandikira mnzake, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. Wophwanya mfundo za chilango choimikidwa angathe kuitanidwanso n'kukaseweza chilango chija, kuwonjezera pa cha mlandu watsopano. Kumenya munthu mpaka kumuvulaza kumafika zaka zisanu. Kuvulaza modetsa nkhawa, zaka 14.

Pa pepala, tsono, sitikusiyana kwambiri ndi California. Kusiyana kuli pa funso limodzi: akuyang'anira ndani?

Brown anagwidwa chifukwa wina anakhala pansi n'kuyala kaundula wa maola pambali pa mapepala a ndege. Anagwidwa chifukwa eni nyumba ya ku Malibu ankadziwa kuti akamutulutsa ayenera kudziwitsa khoti. Kuno, mwamuna amene walandira miyezi 12 yoimikidwa amakwera kabaza pa khoti n'kukatsikira pa khomo lomwe lija, kwa mkazi yemwe uja anakamunenera. Palibe kalasi ya sabata ndi sabata imene lamulo likumukakamiza kulowa. Oyang'anira olakwa ambiri ndi omwewo a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, amene pa desiki pawo pali kale nkhani za ana ogwiriridwa, ana amasiye ndi Mtukula Pakhomo. Woyang'anira weniweni wa chilangocho amasanduka mkaziyo. Iyeyo ndiye ayenera kuona kuti mfundo zaphwanyidwa, iyeyo apeze ya thiransipoti, iyeyo akaime pa Victim Support Unit kachiwiri, uku ankhoswe akumuuza kuti banja ndi kupirira.

Aliyense amene anakhalapo pa benchi la bwalo la majisitireti m'mawa wa Lolemba anamvapo mawu amtunduwu, mayi ataima, mwana kumbuyo, diso lidakali lofiira: «Bwana, ndawakhululukira. Ndi bambo a ana anga. Mukawatsekera, kunyumba tidya chiyani?» Funso limenelo si lopusa, ndipo woweruza wanzeru salinyoza. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, zakuthupi, zakugonana kapena zamaganizo. Onsewo amuna awo atatsekeredwa, ndende sizingakwane, ndipo miphika yambiri ingazime. Chilango chogwirira kunja n'chofunika. Koma woweruza akachipereka ayenera kutchula mfundo zake momveka, m'chilankhulo chimene onse awiri akumva, mkaziyo apatsidwe pepala lake lakelake, ndipo wapolisi wa m'deralo ndi nyakwawa adziwe kuti pa khomo lakuti pali munthu wa chilango choimikidwa mpaka mwezi wakuti. Tsiku loti wolakwayo adzaonekerenso kukhoti liyenera kuikidwiratu pa tsiku lachigamulo, monga ankachitira Schnegg ndi Brandlin, amene ankamuitana Brown miyezi ingapo iliyonse kudzafotokoza za maola ake, popanda kudikira kuti Rihanna adandaule.